Ndimayanika Zovala Zopanda Eni Ake

1

M'mawa uliwonse ndimachapa zovala zoyera kale. Ndimaziviika m'ndowa, kuzifinya, kenako n'kukwera nazo masitepe kukaziyanika pa makonde a zipinda, khomo ndi khomo. Pa nambala 5 ndimayanika malaya a bambo wonenepa ndi diresi la mkazi wake. Pa nambala 9, mayunifolomu awiri ofanana, a mapasa. Dzuwa likapendeka ndimazianula, kutseka makatani, kuyatsa magetsi. Mutadutsa mumsewu mwathu munganene kuti nyumba iyi ndi yodzaza anthu, ndiponso anthu aukhondo.

Mulibe munthu. Ndilimo ndekha.

Ndili ndi zaka 71. Ndasoka zovala za anthu zaka zoposa 40, ndipo nkhani zozungulira sindizikonda. Ndinena mmene zinayendera, kuweruza mudziwa ndinu.

2

Nyumbayi ndi yakale, yosanjikizana katatu, ya zipinda khumi ndi ziwiri, pafupi ndi chipatala. Ndinalowamo ndili ndi mwana kumsana, makina osokera ali pa wilibala, mwamuna atandithawa. Chipinda anandipezera ndi mng'ono wanga. Changa chinali nambala 7, cham'mwamba. Chake nambala 2, chapansi. Ine ndikamasoka, mwana wanga ankadya kwa iye, kugona kwa iye, kukwapulidwa ndi iye. Mng'ono wanga sanakhale ndi wakewake. Mwanayo ankatiitana tonse kuti Amayi, mpaka tinachita kumuphunzitsa kuwonjezera kuti "aang'ono."

Mwamuna wake, mlamu wanga, anali woyendetsa basi. Tsiku lina anagwa akusamba n'kufa mbali imodzi. Kuyambira pamenepo chipinda chapansicho ndicho chinkamusunga. Panalibe sitepe yokwera, ndipo Lachiwiri ndi Lachisanu mkazi wake ankamukankha pa chikuku mphindi khumi zokha kukafika kuchipatala kowongola ziwalo. Mwendo unali utayamba kumvera.

Nkhani ya lamulo latsopano anabwera nayo ndi Aphunzitsi a nambala 4. Anaima pa masitepe ndi nyuzipepala ngati akuphunzitsa kalasi.

"Khonsolo ikuti munthu wachikulire amene wakhala mbali ino ya mzinda zaka zoposa 20, akagula nyumba, salipira msonkho wa nyumba zaka khumi."

"Wachikulire wake uti?" anafunsa mng'ono wanga akusenda mbatata pakhomo pake. "Nkhalamba za muno zikagula sopo zimamudula pakati."

"Cholinga n'chabwino, mayi. Akufuna eni nyumba akhale anthu a konkuno, odziwana ndi alendi awo, kuti lendi isakwere. Anaikaponso mfundo yoti m'nyumbamo muzikhala anthu."

"Ndiye kuti achemwali atigule," anatero, n'kundiloza ndi mpeni. "Ali ndi chuma chambiri m'chitini cha mabatani."

Tonse tinaseka. Inenso ndinaseka.

Sipanathe miyezi itatu, mumsewu mwathu munadzaza anyamata a mataye, ali ndi matepi oyezera, akujambula makoma ndi mafoni. Mwininyumba wathu wakale, yemwe tinkamutcha Bambo a Makiyi, anabwera kudzatsanzika. Anati wagulitsa. Titamufunsa kuti kwa ndani, anangoti mapepala anasaina ku ofesi, wogulayo nkhope yake sanaione.

3

Makalata anayamba kubwera kuchokera ku kampani ina yogula ndi kugulitsa nyumba. Pansi pake pankalembedwa kuti "m'malo mwa mwininyumba." Yoyamba inakweza lendi. Yachiwiri inaikwezanso, yoyambayo tisanaizolowere.

Woyamba kuchoka anali bambo wometa tsitsi, yemwe tinkangomutcha Wometa. Anatsatira mayi wa mapasa, kenako banja la nambala 5. Chodabwitsa chinali chakuti wina akatuluka sipankalowa wina. Ankangobwera kudzaika loko. Anthu ofuna zipinda ankagogoda tsiku ndi tsiku, ena ndi ana m'manja, koma yankho linali limodzi: mwadzaza. Nyumba ya kutsidya kwa msewu zinali chimodzimodzi, ya pakona chimodzimodzi. Zipinda zochepa zotsala m'deralo lendi yake inakwera mpaka namwino weniweni wa pachipatala ankachokera kunja kwa mzinda.

"Munthu wanzeru angakane bwanji lendi?" mng'ono wanga anafunsa Aphunzitsi tsiku lomwe iwo ankapakira mabuku awo.

"Sakufuna lendi, mayi. Akudikira mtengo wa nyumba ukwere kuti agulitsenso, ndipo nyumba yopanda alendi imagulika msanga. Kale msonkho unkawaluma chaka ndi chaka, ndiye ankafuna anthu oti awathandize kulipira. Pano kudikira n'kwaulere."

Mwininyumba wosaonekayo mng'ono wanga anamupatsa dzina loti Mzukwa. Mpopi ukatha madzi, wamwa ndi Mzukwa. Mphaka akalira, walankhula Mzukwa.

"Tsiku lomwe ndidzamuone," ankatero, "ndidzamukhazika pa chikuku cha amuna anga n'kumutsitsa masitepe kuyambira pamwamba."

Ine ndinkangosoka batani.

Panali chinthu chimodzi chomwe aliyense ankachidziwa koma osachitchula pamaso panga: mwana wanga ankagwira ntchito ku kampani yomwe inkalemba makalatayo. Loweruka lina anabwera ndi buledi, mng'ono wanga n'kumugwira dzanja pakhomo.

"Iwe, amene ndinakupukuta mamina, undiuze. Mzukwa ameneyu ndani?"

"Amayi aang'ono, ine ndine wantchito chabe. Za mabwana sindizidziwa."

"Ndiye uwauze mabwana akowo kuti muno muli wodwala."

"Ndiwauza. Inu musadandaule."

Mng'ono wanga anamusisita patsaya, n'kumupatsa tiyi m'kapu yomwe ankamwera ali mwana.

4

Tsiku lomwelo mwana wangayo anakwera kwanga n'kukhuthula makiyi khumi pa tebulo la makina, pamodzi ndi bokosi la mababu.

"Khonsolo imatumiza woyendera nyumba," anatero. "Sanena tsiku lobwera. Nthawi zambiri salowa n'komwe. Amaima mumsewu, kuyang'ana makonde ndi makatani, kuwerenga mita ya magetsi, basi. Muzioneka kuti muli anthu, Amayi."

"Ndikhale anthu khumi ndekha?"

"Zovala muli nazo."

Ankanena zoona. Telala aliyense ali ndi thumba la zovala zomwe eni ake sanabwere kudzatenga. Langa linali la zaka 40.

"Akapeza kuti mulibe anthu?"

"Msonkho wonse ubwerera, kuyambira tsiku loyamba, ndi chindapusa pamwamba."

"Ubwerera kwa ndani?"

"Kwa mwininyumba," anatero, akundiyang'ana m'maso.

Ndinatenga makiyiwo.

Ndikanangoponya zovala pa chingwe chilichonse, mwina mtima sukanandiwawa. Koma manja a telala saiwala. Anthu a m'nyumba muno ndinkawadziwa m'chiuno ndi m'mapewa, aliyense. Ndinkapezeka ndikusankha m'thumbamo malaya a saizi ya Wometa n'kuwayanika pa khonde la Wometa. A Aphunzitsi, a manja aatali, pa nambala 4.

Mng'ono wanga anaima pabwalo, manja m'chiuno, mutu uli chagada.

"Achemwali, mapasa abwerera?"

"Ayi."

"Nanga mayunifolomuwo?"

Ndinamuuza za woyendera. Anaseka kuseka kopanda mano.

"Mzukwa wakulembani ntchito. Ndipo simunalakwitse ngakhale msinkhu wa ana." Anatembenuka, koma anabwereranso. "Sindikukudzudzulani ayi. Pa msinkhu wanuwu mungapite kuti? Gwirani. Akakhuta ndi zovala mwina ife atisiya."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa chipongwe.

5

Sanawasiye. Kalata yachitatu inapita ku nambala 2 kokha. Inati zipinda zapansi zigumulidwa kuti zikhale mashopu, ndipo anawapatsa mwezi umodzi.

M'mawa mwake mng'ono wanga anagogoda kwanga atavala nsapato zake zakutchalitchi.

"Valani, tipite ku khonsolo. Namwino wandiuza kuti kuli ofesi yomwe amanena dzina la mwini wake wa nyumba iliyonse. Ndikufuna ndimupeze munthuyu ndimugwadire. Kalata ilibe makutu, koma munthu ali nawo."

"Mawondo akundivuta lero."

"Mawondo omwe amakwera masitepe ndi ndowa? Tiyeni. Chizungu cha m'maofesi mumachimva ndinu."

"Nanga alamu atsala ndi ndani?"

"Ndawasambitsa, ndawayatsira wailesi. Akuti tikamupeza Mzukwa timufunse ngati amavala saizi yanji."

Ndinavala. Mu basi ndinapemphera kuti tikapeze ofesi yotseka. Tinapeza yotsegula, mzere wake waufupi. Pa windo panali kalaliki wachitsikana wa magalasi, akutafuna chingamu.

"Chitupa cha munthu wokhala m'nyumbamo," anatero.

Mng'ono wanga anafufuza m'chikwama chake. Anali atachisiya m'fayilo ya kuchipatala. Mtima wanga unakhala pansi.

"Tibwere tsiku lina," ndinatero.

"Tsiku lina liti? Achemwali sayenda opanda chitupa, ngakhale popita kuchimbudzi." Analowetsa dzanja m'chikwama changa, ngati mmene wakhala akuchitira kuyambira tili ana, n'kuchipereka pa windo.

Mtsikanayo analemba nambala ya nyumba pa kompyuta. Anayang'ana chitupa. Anayang'ana kompyuta. Anayang'ana ine, n'kuseka.

"Agogo, mukuyesa ngati makina athu akugwira ntchito? Mwini wake ndi inuyo."

6

Tsopano ndinene.

Sabata imodzi Bambo a Makiyi asanatsanzike, mwana wanga ananditenga pa galimoto ya kuntchito kwake, masana, n'kuimika pansi pa mtengo kuseri kwa banki. Anatulutsa mapepala. Anati kampani ikugula nyumba yathu, ndipo kaya ndifune kaya ndisafune igula. Koma kuti isalipire msonkho pankafunika dzina la munthu wachikulire wa m'deralo. Ndalama ndi zawo, dzina langa. Ine ndidzakhala m'chipinda changa osalipira lendi.

"Nanga amayi ako aang'ono?"

"Amenewo sakhudzidwa. Ndingawachite zimenezo ine?"

Ndikanakonda kukuuzani kuti sindinawerenge, kapena kuti magalasi ndinaiwala. Magalasi ndinali nawo, ndipo sukulu ndinapitako mokwanira. Pepala loyamba ndinaliwerenga kawiri. Panali dzina langa lonse, lotayipidwa bwino, ndipo pambali pake panali mawu oti "mwini." Zaka 40 ndikupereka lendi, kupempha chilolezo chokhomera msomali pa khoma. Ndinaliyang'ana dzinalo mpaka maso anachita misozi. Pepala lachiwiri linali lalitali, la zilembo zing'onozing'ono. Ndinaona kuti likupereka mphamvu zonse kwa kampani zaka khumi, ndi lonjezo loti ndidzagulitsa tsiku lomwe iwo adzanene. Ndinamva bwinobwino. Ndinasaina msanga kuti ndibwererenso ku pepala loyamba lija.

Kunja kwa ofesi ya khonsolo kuli benchi ya simenti. Mng'ono wanga anakhala pamenepo, chitupa changa chili m'manja mwake. Sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa.

"Miyezi yonseyi ndikutukwana Mzukwa, inu mukusoka mabatani."

"Ndinkaopa."

"Chabwino. Ndinabwera kudzagwada, ndigwada." Anatsika pa benchi, nsapato zakutchalitchi zili kuphazi, anthu akudutsa. "Amwininyumba, ndili ndi wodwala. Tisiyeni m'chipinda chathu."

"Dzuka, iwe. Anthu akutiona."

"Yankhani kaye."

"Sindingathe. Ndilibe mphamvu."

"Nyumba ndi yanu?"

"Ndi yanga."

"Ndiye?"

Anadzuka yekha, anasasa mawondo, anandibwezera chitupa. Mu basi anakhala mpando wina.

7

Musaganize kuti sindinayese. Ndinapita kwa loya wothandiza anthu mwaulere. Anali bambo wotopa, tayi ili pambali. Anawerenga mapepala onse awiri n'kuvula magalasi.

"Mayi, njira ilipo imodzi. Mukanene kukhoti kuti kugula konseku kunali chinyengo chozembera msonkho. Pepala lachiwirili likhoza kufa."

"Ndiye ndikanene."

"Dikirani. Msonkho wonse ndi chindapusa zidzagwera dzina lanu. Ndipo mboni yomwe inasaina apayi ndi ndani?"

"Mwana wanga."

"Mabwana ake sanasaine paliponse. Wolowa m'ndende ndi iyeyo. Komanso mlandu ungatenge zaka ziwiri, pomwe achibale anuwo atsala ndi masabata atatu."

Ndinamuitana mwanayo. Anabwera ndi buledi, monga mwa masiku onse. Ndinamuuza kuti buledi wakeyo amuike pansi.

"Unati sakhudzidwa."

"Ndinkaganiza choncho, Amayi. Mabwana asintha. Wogula amene akumufuna akuti pansi pakhale popanda munthu."

"Ndisinthane nawo. Kapena nditsike ine, tikhale atatu m'nambala 2."

"Pansi ponse patsekedwa. Ndipo bambo aang'ono angakwere bwanji kwanu?" Anapukuta nkhope ndi dzanja. "Ndawapezera chipinda kunja kwa mzinda. Lendi ya miyezi itatu ndalipira ndekha."

"Kuchipatala ndi mabasi awiri. Chikuku chimakwera basi?"

"Mukanakana inu akanapeza nkhalamba ina, ndipo inunso mukanakhala panja. Mumsewu uno eni nyumba asanu ndi agogo. Mukuganiza kuti agogo ogulitsa makandulo aja nyumba ya pakona anaigula ndi makandulo?"

"Anakulera, iwe."

"Ndikudziwa." Anali mwana wanga, ali ndi ana akeake awiri. Ndinamuyang'ana, n'kudziwa kuti kukhoti sindipita.

Tsiku losamuka ndinatsika kuti ndithandize kumanga katundu. Mng'ono wanga anandilanda mtolo m'manja mwaulemu.

"Musadetse manja, amwininyumba."

Mlamu wanga anali kale pa lole, pa chikuku chake, atamumangirira ndi chingwe pakati pa bedi ndi kabati. Anandikodola ndi dzanja lomwe linkagwira. Pakamwa pake pankatuluka mawu movutikira, koma nthabwala sizinamuthere.

"Alamu," anatero, "saizi ya Mzukwa... munkaidziwa kale."

Anaseka yekha. Lole inanyamuka.

8

Mashopu sanamangidwe. Pa nambala 2 anangoikapo loko, kiyi n'kundipatsa. Khonde limenelo lokha ndinkalisiya lopanda kanthu. Manja ankakana.

Mlamu wanga kuchipatala anapitako kawiri, pa galimoto yahayala, kenako anasiya. Mwendo uja unaumanso. Anayamba zilonda za pabedi, chifuwa n'kulowapo. Anamwalira patatha miyezi isanu ndi iwiri. Dokotala sananene kuti wafa ndi kusamuka, ndipo inenso sindine dokotala. Pa maliro mng'ono wanga anandipatsa moni wa m'manja ngati mmene anaperekera kwa madalaivala anzake a malemu. Koma mwana wanga, mng'ono wangayo sanamuyang'ane n'komwe.

Patatha sabata, Wometa, yemwe tsopano amakhala dera limodzi ndi mng'ono wanga, anandibweretsera phukusi. Munali malaya atatu a mlamu wanga. Ndinawazindikira ndisanawatambasule, chifukwa ndinasoka ndine, ndipo kolala ya abuluu ndinaitembenuzapo kawiri. Pamwamba panali kapepala, kolembedwa ndi dzanja la mng'ono wanga:

"Ndamva kuti pa nambala 2 simuyanikapo kanthu. Woyendera angadabwe. Awa ndi a saizi yake."

Ndinakhala nawo pa miyendo mpaka tiyi anazizira. M'mawa mwake ndinawaviika m'ndowa, kuwafinya, n'kuwayanika pa khonde lake.

Woyendera anabwera mwezi womwewo. Anaima mumsewu, anawerenga makonde ndi cholembera, n'kundiona pa masitepe.

"Agogo, nyumba yanu mukuisamala. Zikanakhala kuti onse akuchita ngati inu, lamuloli bwenzi tikulinyadira."

Ndinathokoza.

9

Inu owerenga, sindinalembe izi kuti mundimvere chisoni. Ndili ndi denga, ena alibe. Amene analemba lamulo lija mwina ankafunadi kutithandiza. Koma mphatso ikaperekedwa kwa munthu amene alibe ndalama zoitengera, kumabwera ena kudzabwereka dzina lake, ndipo amabwera ndi nkhope yomwe iye sangaikanize. Kwa ine inabwera ndi buledi.

Akadzakubweretserani pepala loti dzina lanu lokha ndilo likufunika, funsani amene agone panja chifukwa cha dzinalo. Ine ndinafunsa kamodzi, n'kulandira yankho lomwe ndinkalifuna.

Zaka khumi zija zatsala zisanu ndi ziwiri, pokhapokha mtengo utawakwanira msanga. Tsiku limenelo adzabwera ndi cholembera, ndipo ndidzasaina, n'kutuluka ngati anzanga aja. Mng'ono wanga ndimamuimbira Lamlungu lililonse. Foni imalira mpaka kuduka. Sanaitseke, ndipo ine ndimagwira pomwepo.

Anthu ofuna zipinda amagogodabe. Dzulo anabwera mayi wina, akukankha bambo ake okalamba pa chikuku. Anati wamva kuti pansi pano pali chipinda chopanda masitepe, pafupi ndi chipatala. Kiyi inali m'thumba la epuloni yanga, ndikuimva kuzizira pa ntchafu.

Mayiyo anayang'ana pa khonde la nambala 2, pomwe malaya abuluu ankadontha madzi.

"Pepani, agogo," anatero ndisanayankhe. "Ndaona kuti muli anthu."